Tsiku Limene Grissel Anagwira Lilime

Mutu Wachisanu ndi Chimodzi

1. Mawu a malume atha

Tsiku limene ndikufuna kukusimbiranili ine ndinalipo, koma musandifunse kuti ndinaona chiyani. Ndinali khanda lokulungidwa m'nsalu ya ubweya, ntchito yanga kuyamwa ndi kulira basi. Nkhaniyi ndinaitola pakamwa pa eniake, ndipo anandiuza kambirimbiri mpaka ndinayamba kuwakonza akaphonya. Ndine Ninian Pringle wa m'tauni ya Inverlathie, kugombe la kum'mawa kwa Sikotilandi. Ngati ndinakula ndili ndi dzina komanso denga pamutu, n'chifukwa cha mtsikana wina wapakamwa, Grissel Lumsden, ndipo ameneyo ndidzamuthokoza mpaka tsiku lodzandikwirira.

Chaka ndi chaka pa Fasternis, tsiku lija timadya nyama komaliza tisanalowe m'masabata a nsomba, bwana mwini dera ankaitana tauni yonse kunyumba yake yamiyala kukamvera flaitin'i. Amuna awiri amaima m'holo, wina uku wina uko, n'kumatukwanizana m'ndakatulo mosinthana mpaka mmodzi mawu amuthere. Wopambana amavekedwa mkanjo wofiira. Wogonja amagwada, n'kugwira lilime lake ndi zala, n'kunena pamaso pa onse kuti, "Lilime iwe, wanama."

Kuyambira kalekale oima anali omwewomwewo: a Mungo Tait, osoka nsapato, malume ake a Grissel, ndi a Hew Pringle, aphunzitsi a sukulu ya m'tauni. M'holo ankang'ambana ngati agalu olimbirana fupa, koma potuluka ankagwirana mapewa, ulendo wokamwa. Anthu awa!

Chisanu cha chaka chimenecho chinalowa m'chifuwa cha a Mungo n'kudya mawu onse. Anangotsala ndi kunong'ona. Bwana atafunsa kuti aime m'malo mwawo ndani, iwo analoza Grissel, amene anakulira pansi pa benchi lawo akutola zidutswa za zikopa pamodzi ndi ndakatulo.

"Mtsikana?" Bwana anaseka mpaka kutsamwa. "Chabwino, tione zachilendo. Koma akagonja abwerere kumbiya za mowa za amake, ndisadzamumvenso m'holo mwanga."

Grissel anabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi. Mkanjo wofiira uja ankaufuna ndi mtima wake wonse.

2. Chimene Grissel ankadziwa

Mayi ake a Grissel, a Nans, ankafulula mowa komanso anali azamba. Nthawi yokolola, chisanu chija chisanayambe, anaitanidwa kunyumba kwa a Hew, Grissel n'kuwatsatira atasenza madzi. Tauni yonse inkadziwa kuti woyembekezera ndi a Mawsie, akazi awo a Hew. Koma Grissel atalowa kuchipinda anapeza a Mawsie ali chilili, mtsamiro umene ankaubisa m'chovala uli pansi. Wobuula pakama anali mwana wawo Marioun, mnzake wa Grissel wapaubwana. Mnyamata amene anamulonjeza ukwati anali atamira ndi bwato lophera nsomba za hering'i ukwatiwo usanadalitsidwe.

Khanda lobadwa tsiku limenelo ndine. Ndinakula ndikuitana agogo anga kuti bambo, mayi anga kuti achemwali.

Masiku amenewo akulu a mpingo sankaseka ndi munthu. Akanangomva, Marioun akanamuveka chiguduli n'kumukhazika pampando wa olapa Lamulungu lililonse, mpingo wonse ukumuyang'ana. Kenako akanamumeta mpala pamsika n'kumupirikitsa m'tauni, khanda lili m'manja, chisanu chili pakati. A Hew nawo sukulu ikanawathera pomwepo.

Kutatsala tsiku limodzi kuti mpikisano uchitike, Grissel ankayeserera ndakatulo zake m'nyumba yofululira, malume ake atakhala pambali pa moto. Atamaliza anaseka yekha.

"Malume, ndili ndi mzere umodzi wosungira. Nditangounena, a Hew sangadzukenso."

"Ndi wabodza kapena woona?"

Grissel anayang'ana pansi.

"Ndiye usandiuze," ananong'ona a Mungo. "Sendera kuno, mwana wa mlongo wanga, mawu ndilibe otaya. Masewera athuwa ali ndi lamulo limodzi, ndipo silinalembedwe paliponse. Munthu umutukwane ndi bodza. Bodza lake likhale lalikulu ngati phiri, loti ngakhale chitsiru sichingalikhulupirire. Ine ndinanenapo kuti Hew anabadwa kwa nkhanu ndi chule. Iye n'kubweza kuti ine ndinaba chingwe chimene anapachikira agogo anga n'kusokera nsapato. Anthu anaseka mpaka kugwa m'mabenchi, ife n'kupita kukamwa. Koma kodi unandimvapo ndikutchula mwana wake wamwamuna uja anafa ndi nthomba? Unamumvapo iye akutchula mkazi wanga amene anandithawa? Zimenezo tikuzidziwa tonse awiri, n'chifukwa chake sitizikhudza. Bodza limagwera pachovala, umangosansa n'kumapita. Zoona zimalowa m'mnofu. Munthu amene watulutsa zoona m'holo muja waleka kusewera, wasolola mpeni pakati pa anthu amene anabwera chimanjamanja."

"Nanga akayamba ndi iwowo?"

"Hew sangatero."

"Nanga akatero, malume?"

"Akatero, wagonja ndi iyeyo, ngakhale amuveke mikanjo khumi."

A Nans anasiya kutakasa chimera n'kupukuta manja. Iwo ankayankhula molemera, mawu ena osatuluka bwino, chifukwa lilime lawo linali ndi chipsera. Nkhani ya chipseracho sinkakambidwa m'nyumba muja, koma tsiku limenelo anaiyamba okha.

"Iwe Grissel, ukundimva mmene ndimayankhuliramu? Unali usanayambe kuyenda pamene ndinaima pamsika n'kukalipira mkazi wa mkulu wina wa tauni kuti amamenya kamtsikana kake kantchito ndi chikuni. Sindinaname ayi. Akanakhala kuti ndinanama, bwenzi atangondiseka. Anandiveka chisoti chachitsulo chija chili ndi kamphanda kolowa m'kamwa, n'kundizunguza tauni yonse pachingwe. Ndipo kamtsikana kaja ndinakathandiza chiyani? Anakathamangitsa tsiku lomwelo, mpaka lero sindidziwa kumene kanathera. Ndinayankhula kuti mtima wanga uphwe, osaganiza kuti mawuwo akagwera pamutu pa yani. Zoona uzinene ndithu, mwana wanga, koma uyambe wayang'ana amene waima pansi pake. Zimene unaona kuchipinda kuja si zako. Anakulowetsa chifukwa unasenza madzi, osati kuti ukatole miyala yogendera. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza."

"Ndamva, mayi."

"Makutu amva. Tiona mawa ngati pakamwa pamvanso."

3. M'holo ya bwana

Masana a Fasternis holo inadzaza mpaka ana anakwera m'mazenera. Nyama ya ng'ombe inali pamoto, mikate ya ufa wa mbewu ya oti ili milumilu, a Nans akuyenda ndi mtsuko kuthira mowa m'zikho. Kutsogolo kunakhala bwana, pambali pake abusa a Gilcrist, nkhope ili gwa, poti masewerawa sankawakonda, ndiye wina n'kuimikanso mtsikana! Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kunakhala Marioun atanyamula "mlongo wake", ine amene.

Anayamba ndi a Hew, monga wamkulu. Anakonza kukhosi, n'kutambasula dzanja:

"Taonani kamwana ka m'nyumba ya mowa,
kobadwira m'mbiya, kobatizidwa ndi masese!
Miyendo ngati ndodo za msodzi wosauka,
tsitsi ngati chisa chimene khwangwala anachikana.
Kakaimba aka, mkaka umasasa ng'ombe isanakamidwe,
hering'i zimathawira ku Norowe zitatseka makutu!"

Anthu anaseka n'kumenya zikho pamatebulo. Grissel anadikira phokoso lizizire, n'kugwadira a Hew mwaulemu wonse, ngati mwana wasukulu.

"Moni, aphunzitsi, eni mphuno yotsogola!
Imafika kutchalitchi Loweruka, eniake Lamulungu.
Asodzi akasochera m'nkhungu amalondola yomweyo,
amayi amayanikapo matewera dzuwa likawala.
Nsabwe za m'ndevu zanu zinatsegula bwalo la milandu,
zakusumirani kuti magazi anu ndi mowa wokhawokha!"

Eee, holo inagwedezeka! Wosula zitsulo wina anagwa chagada pamodzi ndi benchi. "Bwerezanso za mphunozo, mwana iwe!" anakuwa mayi wina wogulitsa nsomba. Ngakhale bwana anapukuta misozi ndi mkono wa malaya.

Anasinthana choncho kangapo. A Hew akaponya, anthu ankaseka. Grissel akabweza, ankachita kufuula. Ana asukulu, amene a Hew ankawakwapula tsiku ndi tsiku, anayamba kugwira mphuno zawo n'kumazikoka. Chimenecho ndicho chinawapweteka agogo anga. Kugonja kwa Mungo akanapirira, koma kusekedwa ndi ana awo omwe chifukwa cha mtsikana wofulula mowa, ayi. Anagugudiza chikho, nkhope itafiira, n'kuloza a Nans ndi chala.

"Mwana wa galu salephera kuuwa.
Funsa amako kukoma kwa chitsulo m'kamwa,
mmene anayendera pamsika pachingwe ngati mbuzi,
dovu ndi magazi zikutsika pachibwano.
Chisoti chija chikadalipo, chikudikira pakhoma,
mutu wako ndi wa amako, chidzakukwana!"

M'holo muja aliyense wamkulu tsiku la chisoti ankalikumbuka, ena anali m'gulu loponya nawo matope. A Mungo anayesa kudzuka, chifuwa n'kuwabweza pansi. A Nans anali pakati pothira mowa m'chikho cha munthu. Anamaliza kuthirako, n'kupita pa chikho chotsatira, osakweza maso.

Kenako oledzera anayamba. "Bwezera, Grissel! Mubaye! Usamusiye ameneyo!"

Grissel anali atayera ngati ufa. Anapita patsogolo mpaka anatsala pang'ono kugunda a Hew, n'kukweza mawu kuti amveke mpaka kuchitseko.

"Kunyumba kwanu, aphunzitsi, kuli khanda..."

Anaima pomwepo.

Mayi anga ankati pa mawu amenewo anandifinya osadziwa, ine n'kulira kamodzi mokweza. Grissel anatembenuka. Anaona Marioun atatseka maso, milomo ikupemphera. Anaona a Hew mowa utawathera m'mutu nthawi yomweyo, pakamwa pali yasa. Abusa a Gilcrist, amene tsiku lonse ankayang'ana kudenga, anali ataweramira kutsogolo.

Grissel anayambiranso ndi mawu otsika:

"Kunyumba kwanu, aphunzitsi, kuli khanda,
lilibe dzino, koma Chilatini limatafuna kuposa inu.
Likageya limatulutsa ndakatulo yabwino,
inu mukalakatula, timayesa mwageya."

Anaseka anthu owerengeka chabe. Khamu linkafuna magazi, ndiye n'kulipatsa phala lozizira.

"Aaa, zomwezo?" anakuwa wosula zitsulo uja. "Amako awavula pagulu, iwe n'kumakamba za kugeya?"

"Uli ndi zina, mtsikana?" anafunsa bwana.

"Ndilibe, bwana. Ndathera pamenepa."

Anagwada pamiyala yozizira ija, tauni yonse ikuona. Anagwira lilime lake ndi zala ziwiri, n'kulisiya, n'kunena momveka bwino kuti, "Lilime iwe, wanama." Ana asukulu anamuwowoza. Mayi wansomba uja analavula pansi n'kunena kuti pakamwa pa akazi m'pongoyambira, kumaliza ayi. Grissel analira, ndisakunamizeni, analira misozi yeniyeni yaukali, chifukwa mkanjo unali m'manja mwake ndipo anausiya dala. Pamene ankawaveka a Hew mkanjowo, mikono inkawakanika kulowa.

4. Mkanjo pakhomo

M'mawa mwake a Nans akusesa pakhomo anaona anthu akubwera mumsewu: a Hew patsogolo, mkanjo wofiira uli pamkono, Marioun pambuyo atandinyamula. Anansi anatulukira m'mazenera, poti kwathu nkhani siyenda yokha.

A Hew anavula chipewa n'kugwada m'matope momwemo.

"Nans, ndabwera. Mwambo umati ndigwire lilime ndinene kuti lanama. Koma sindingatero, chifukwa silinaname, ndipo kulakwa kwanga n'komweko. Ndinatenga bala lako n'kusekeretsa anthu. Iwe amene..." Anayang'ana kumazenera, n'kutsitsa mawu. "Iwe amene unalowa m'nyumba mwanga n'kutuluka pakamwa uli chitsekere."

"Dzukani, aphunzitsi, mukudetsa buluku," anatero a Nans. "Ndipo mphunoyo ikutchinga njira, anthu adutsa bwanji?"

Anansi anaseka, a Hew nawo n'kuseka misozi ili m'maso. A Mungo anatuluka atatsamira ndodo. Anaima pamaso pa mnzawoyo.

"Chitsiru iwe," ananong'ona. "Zaka zonsezi ndinkauza anthu kuti unabadwa kwa chule, ndimayesa ndikunama."

"Ndavomera, Mungo."

"Vomera uli m'nyumba, kunja kuno kukuzizira."

A Hew anapereka mkanjo kwa Grissel ndi manja awiri. Iye anaika manja kumbuyo.

"Sindiufuna. Anakuvekani inuyo, muuvale, muzikumbukira. Ndipo musaganize kuti ndinachitira inu. Inuyo ndikanakung'ambani pakati."

"Ndikudziwa, mwana wanga. N'chifukwa chake ndikuthokoza."

Atalowa m'nyumba, chitseko chitatsekedwa, Marioun anagwira Grissel m'manja n'kungoti, "Anzanga inu, ndidzakubwezerani chiyani?"

"Undibwezere chiyani, uli ndi chiyani iwe?" anatero Grissel akupukuta m'maso. "Bweretsa kuno kachimunthu kakoko ndikaone. Ndiye kameneka n'kamene kandidyera mkanjo wanga? Taonani mphuno, mayi! Yayamba kale kutsogola!"

Anandinyamula. Akuti ndinamugwira chala n'kuchilowetsa m'kamwa. Onse m'nyumba muja anaseka, a Nans n'kutenga zikho kuti athire mowa wa mtendere. A Mungo anakodola Grissel kuti asendere.

"Dzulo ndinaona anthu awiri m'holo," anatero. "Mmodzi ndi Hew. Winayo ndamuphunzitsa ine, koma chimene anachita sindinamuphunzitse, chifukwa ineyo sindikudziwa ngati ndikanatha. Bwana wakutsekera holo yake, zoona. Musiye. Pakamwa pako palibe amene angapatseke, unapatseka wekha pamene panafunika, ndipo n'chimene chimasiyanitsa mlakatuli ndi galu wouwa. Zikomo, mwana wa mlongo wanga. Wandisungira mnzanga, ngakhale ndi chitsiru."

Mowa usanafike pakamwa, chitseko chinagogodedwa ndi ndodo. A Nans atatsegula anapeza mthenga wa mpingo, chipewa chakuda chili pamutu. Sanapereke moni. Maso ake anayenda m'nyumba monse, pa a Hew, pa Marioun, n'kudzaima pa ine.

"Nans Tait, mzamba, ndi mwana wanu Grissel Lumsden, akulu a mpingo akukufunani pabwalo lawo Lachinayi. Abusa akuti mtsikanayu dzulo anaima pakati pa mzere n'kumeza mawu. Akufuna awamve mawu anamezawo, dzanja lili pa Buku Lopatulika."

Marioun anatambasula manja kuti anditenge. Grissel sanandipereke. Anandikumbatira zolimba pachifuwa pake, n'kuyang'ana mthengayo m'maso.

"Kawauzeni tibwera," anatero.